Msewu wa Zipika Pansi pa Dambo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa anyamata a ku Mzimba anathera ku Joni. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ndi mmene zinalili. Kwathu ndi ku Dowa. Bambo anali apolisi, anawatumiza ku Mzimba ine ndili wamng'ono, ndipo atapuma ntchito sanabwererenso. Nditalemba mayeso a Fomu 4, zotsatira zake sizinali zoti munthu n'kupachika pakhoma, choncho ndinayamba kugulitsa mandasi pa boma, pachipata cha mpanda wina momwe munkagona makina a kontirakitala wokonza misewu ndi madamu.

Mumpandamo munali katapila wachikasu, wokumba uja, wa mkono wautali ndi baketi ya mano kumapeto kwake. Woyendetsa wake anali a Jere, bambo wamtali wa imvi za apo ndi apo, wokonda mandasi, wokondanso kwambiri kutamandidwa. Ankandiitana NyaPhiri, monga amatchulira akazi kuno. M'mawa wina ndinawapeza akulimbana okha ndi pampu ya girizi, thukuta lili kamukamu. Wowathandiza anali atakwera basi ya ku Joni osatsanzika, ndipo sanali woyamba kuwachita zimenezo.

"NyaPhiri, ndapota, tandigwirira apa," anandipempha motero, akusakaniza ndi Chitumbuka.

Ndinatula beseni n'kugwira. Girizi anandidetsa mpaka m'zigongono, mandasi anazizira, koma pamene a Jere analiza injini n'kutukula mkono uja m'mwamba, mtima wanga unapita nawo. Mawa lake ndinabweranso kudzagwira osaitanidwa. Sipanapite nthawi ananditengera kwa abwana, eni ake makinawo. Abwanawo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mkazi pa katapila? Chabwino a Jere, muyeseni. Koma makina anga akangoona vuto, nonse awiri mukagulitsa mandasi."

Anandipatsa ovolosi ya mnyamata wothawa uja, yomwe ndinkachita kupinda miyendo ndi manja kuti ndioneke kuti mkatimo muli munthu. Bambo atandiona anati ndikufanana ndi mkaidi wothawa ndi zovala za mnzake. Amayi sanaseke. Anatsuka beseni langa n'kuliika pamwamba pa kabati, akuti mwina lidzafunikanso.

A Jere ankati katapila ndi ng'ombe, kungoti sadya udzu, ndipo ukapanda kumusamala amakugonera pakati pa ntchito. M'mawa uliwonse ndinkasolola kachitsulo koyezera oilo, kuyang'ana madzi mu rediyeta, kukuntha fumbi la mu fyuluta ya mpweya, ndi kuyendera mapaipi a hayidiroliki kuona ngati pali podontha. Kenako girizi. Pini iliyonse ya mkono ndi ya baketi ndinkapopa mpaka girizi wakale wakuda atatuluka, watsopano n'kuonekera. Pomaliza ndinkatenga fosholo n'kugomola matope ouma m'matcheni, amene ndiwo mapazi a katapila. Masana iwo akamapuma pamthunzi ankandikhazika pampando. Zogwirira ziwiri zam'mbali zimayendetsa mkono ndi baketi, ziwiri zazitali zakutsogolo zimayendetsa matcheni. Poyamba ndinkagwedeza makina ngati ndikupeta chimanga, iwo n'kumafuula ali chigonere, "Pachoko pachoko, iwe! Wakulakwira vichi?" Patapita miyezi ndinkatha kukola chitini ndi dzino limodzi la baketi n'kuchikhazika pachitsa osachiphwanya.

Ntchito yaikulu yoyamba yomwe ndinapita nawo inali ya cha ku Champhira. Alimi a tomato ndi anyezi a midzi ingapo anagwirizana zokumba damu m'dambo lawo kuti azithirira m'chilimwe. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo aliyense ankadziwa kuti tiyenera kumaliza mvula isanagwe. Lole yaikulu inatitsitsa kumsewu, katapila n'kuyenda yekha mpaka m'mphepete mwa dambo, pomwe oyeza malo anali atakhoma kale zikhomo zomangirira nsanza zofiira. Amayi a m'mudzimo atandiona ndikutsika pamakina anaitanizana kudzandiona. Ena ankandigwira mkono kuti atsimikize.

Dambo limanama. Pamwamba pamauma gwa ngati njerwa, pansi pali phala. Ndiye a Jere asanalowetse makina anatenga chitsulo chawo chachitali chosongoka n'kumayenda akubaya pansi. M'malo ambiri chitsulocho chikaboola dothi louma lapamwamba chinkangolowa chokha mpaka pogwirira. Koma anapeza mzere umodzi wotukuka pang'ono, wodula dambo kuchokera tsidya lino kukafika pachulu cha tsidya linalo, pomwe chitsulo chinkalowa pang'ono n'kuima nji.

"Apa pali mwala pansi," anatero mokondwa. "Chiuta watimangira msewu."

Tinayendetsa katapila pamzere umenewo mpaka mkati mwa dambo. Nzeru inali yakuti tizikumba kumbuyo komwe tachokera, dothi n'kumaliunjika kumunsi kuti likhale khoma la damu, ife tikusendera kutsogolo pang'onopang'ono, mapeto ake tikatulukire pachulu paja. Khoma la damu samangounjika ngati mulu wa mbatata. Umayamba wachotsa udzu ndi mizu, umakumba ngalande pomwe khoma lidzakhale, umathiramo makande okhaokha, kenako umayala dothi pang'ono n'kutsindira, kuyalanso n'kutsindiranso. Ukachita changu madzi amadzakupezera njira pansi.

Chipika choyamba ndinachikola ndine. Ndinali pampando masana, baketi ikudya makande akuda bwinobwino, mwadzidzidzi mano anakodwa ndipo katapila yense ananjenjemera. Ndinati ndi mwala wa a Jere uja. Ndinakumba mozungulira, ndinalowetsa mano pansi pake, n'kupinda baketi pang'onopang'ono. Chimene chinadzuka m'matopemo chinali mtengo wathunthu, wakuda bii ngati khala, wautali kuposa ngolo, waukulu woti manja anga sakanakumana poukumbatira. A Jere anabwera ndi nkhwangwa. Atautema, nkhwangwa inadumpha. Potema kachiwiri panathothoka kachidutswa, mkati muli bwinobwino ngati waudula chaka chatha. Anakanunkhiza.

"Muwanga," anatero. "Uwu chiswe chimangouona n'kulambalala."

Pambali pake panali china, pambali pa chimenechonso china, zogonekedwa mopingasa, zoyandikana ngati nthiti. Dzuwa lisanapendeke dambo linali litadzaza anthu. Aphunzitsi ena anati ndi madzi osefukira a kalekale amene anakokolola mitengoyo kumapiri. Mkulu wa mpingo anati madzi akewo ndi odziwika, ndi a Nowa. Koma bambo wina atanena kuti ungakhale mpanda wa khola lakale, anthu onse anachita mantha, poti Angoni akale ankaika maliro a amuna akuluakulu pafupi ndi khola. Ndinaganiza kuti ndafukula manda a eni ake pa ntchito yanga yoyamba yeniyeni.

"Manda vichi?"

Mawuwo anachokera pangolo yomwe inaima kumbuyo kwa gulu. Anali a NyaShaba, mayi wamasiye wachikulire, wamfupi, wovala majombo, chikwapu chili m'manja. Ng'ombe zapagoli zamphamvu kuposa zonse m'deralo zinali zawo, ndipo ankaziyendetsa okha.

"Uwu ni msewu, imwe," anatero. "Apongozi anga ndi abale awo ndiwo anagoneka mitengo iyi kuti ngolo ziziwoloka dambo nthawi ya mvula. Ine pobwera ku ukwati kuno ndinadutsa pompa, pangolo. Inagwedezeka chomene mpaka mphika womwe amama anandipatsa unasweka, mbwenu apongozi aakazi anandinena nawo mpaka tsiku lomwalira."

Tinaseka, tinaomba m'manja. Anafotokozanso kuti msewu watsopano utadutsa kwina anthu anasiya kuwolokera pamenepo, ndipo mitengo ya m'mapiri itatha, dothi linayamba kutsika ndi madzi chaka ndi chaka mpaka linakwirira zonse. Nkhaniyo inatikomera, ena anapempha kuti abwerezenso ya mphika ija. Pomaliza a NyaShaba anapempha chipika chimodzi, chachikulu choyamba chija, kuti azikhalapo pakhomo pawo. A Jere anaima pamwamba pa tcheni, dzanja lili m'chiuno ngati inkosi.

"Tengani amama! Ndakupatsani."

Kumudzi sumapatsa khomo limodzi. Mawa lake kunabwera a Tembo, wapampando wa alimi aja, atapanira tambala m'khwapa. "A kwa Shaba mwawapatsa, adada. Ife a kwa Tembo tinalakwa vichi?" Analandira chawo. Kenako kunabwera a kutchalitchi, kalipentala, mwini chigayo, ndi ena oti sitinkawadziwa n'komwe. Tinkadya nkhuku ngati akuluakulu a boma. Chindongwa, lomwe ndi thobwa la kuno, chinkabwera m'zigubu, tomato tinkachita kukana. A Jere masaya anayamba kuwala, nanenso ovolosi ija inayamba kundikwana.

Zipika za kumbuyo zinatha anthu asanathe. Munthu wina akanangonena kuti pepani zatha, koma a Jere, amene mudzi wonse unkawaitana adada, mawu amenewo analibe. Nthawi imeneyo tinali titasendera ndithu, pakati pa ife ndi chulu chija patatsala mtunda wongopitirira pang'ono pomwe mkono umalekezera. Anatembenuza mkono kuloza kutsogolo n'kuyamba kuzula zipika za kumeneko. Maenje ankawakwirira ndi dothi n'kusalaza ndi msana wa baketi, ndipo pankaoneka bwino kuposa kale. Ine ndinkamanga tcheni pa zipikazo ndikuimba. Palibe mwa ife awiri amene anaganiza kuti mwala wa Chiuta uja ndi womwewu tikugawawu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Titatsala pang'ono kumaliza, mvula yoyamba ya chizimalupsa, yomwe zaka zina imangogonetsa fumbi, inabwera ngati yakhala ikusungidwa chaka chonse. Inayamba madzulo mpaka kunacha nayo. M'mawa damu lathu linali ndi madzi, achule akuimba, anthu akuthokozana. A Jere okha sanaseke. Anayang'ana mitambo yomwe inkaunjikananso kumapiri.

"NyaPhiri, siya girizi. Ng'ombe ituluke sono."

Anakwera okha. Katapila anayenda bwino pomwe pansi panali zipika, koma atangoponda pamene tinazula paja, tcheni lakumanzere linatitimira ndipo makina onse anapendekeka. Anayesa kubwerera m'mbuyo, matcheni anangozungulira pamalo amodzi akudzikumbira dzenje. Anazimitsa injini msanga. Mimba ya katapila inali itakhala pamatope, madzi a m'damu akukwawira komwe tinali. Madzi akalowa mu injini ndiye kuti makina afa, ndipo kuwachotsa m'dambo n'kudikira chilimwe china.

Abwana pafoni sanatalikitse. "Ndikunyamuka. Ndikawapeza ali m'matope, mukudziwa kale."

Pagulu la oonerera bambo wina analankhula mokweza dala kuti, "Tinanena ife, makina awa akana mwanakazi." Ndinapsa mtima kwambiri, poti pampando sindinali ine. Ndinachitanso mantha, chifukwa ndinadziwa kuti nkhani ikafika pa boma idzakhala yomweyo, yoti katapila anamira chifukwa analemba mkazi. M'maganizo ndinaliona beseni langa likutsika pakabati.

A Jere anavula chipewa, anayang'ana matope nthawi yaitali, kenako anaseka kaseko kowawa.

"NyaPhiri, msewu wathu tinadyera nkhuku."

Mankhwala ake anali amodzi, zipika zibwerere pansi pa matcheni. Mitengo ina yaikulu kunalibe pafupi, m'mbali mwa dambo munali timasuku ndi tchire basi. Koma chinthu chopatsa suitanitsa uli chiimire pakhomo, makamaka kuno. Umaodira, umakhala pansi, umalonjera, umafunsa za ana ndi za ng'ombe, ndiye n'kunena chomwe wadzera. A Jere anati iwo, Mngoni wamkulu, kukapempha chinthu chomwe anapereka pamaso pa anthu, bola amire limodzi ndi makina. Ine ndinati wogulitsa mandasi manyazi anawasiya kalekale. Iwo anatsala ndi amuna a makasu ndi mafosholo akukumba ngalande yopatutsira madzi, ine ndinanyamuka ndi a Tembo.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Bingu likugunda kumapiri, ine ndagwada pakhonde la eni ake mu ovolosi yamatope, ndikuyankha kuti "tili makora, kwali imwe" modekha ngati ndabwera kudzacheza. Chitumbuka changa n'chopunduka, koma tsiku limenelo chinayenda. Chipika chilichonse chinali chitapeza kale ntchito. Cha kutchalitchi chinali benchi ya kwaya panja, ndipo mkulu wa mpingo uja anatiperekeza ndi pemphero lomwe ndinkalakalaka likanafupikirako. Cha a Tembo chinali mzati wa chipata cha khola, anachizula okha osadandaula. Kalipentala anatilandira ndi manja awiri. Ankafuna kusema mtondo, koma muwanga unali utabunthitsa zida zake zonse.

"Tengani, ndapota, ndipo musadzabwere nachonso!"

Mwini chigayo anafunsa ngati nkhuku yake nayo ibwerera. Ndinati ili mkati mwa a Jere, akakambirane nawo okha. Anaseka mpaka kutsokomola, natipatsa chipika chake ndi tcheni lomwe. Panalibe khomo limene linatikaniza. Amayi amakonda kunena kuti kupatsa n'kuika, ndipo tsiku limenelo ndinaona ndi maso, ngakhale kuti ife tinaika mosadziwa.

Koma chipika cha muwanga sichisenzedwa pamutu. Tinkafuna ng'ombe, ndiye tinathera kwa a NyaShaba. Tinawapeza atakhala pa chawo chija pansi pa mtengo wa mango. Anali atachitsuka n'kuchipala bwino mpaka chinkanyezimira. Anamvetsera akununkhiza fodya wawo wamphuno mpaka ndinamaliza.

"Ndinakuuzani kuti ni msewu," anatero. "Imwe munaomba m'manja."

Anayetsemula, anaimirira, n'kuitana ng'ombe zawo maina.

"Za anthu onse ndikukokerani. Changa ichi yayi. Mwamuna anapita, mphika unasweka, ngolo ija inawola. Chatsala cha tsiku lija ndi ichi chokha."

Pofika masana zipika zinali zitaunjikana pachulu, madzi atafika pakati pa tcheni lakumanzere. Ndinkayembekeza kuti a Jere akwera, koma anandikankhira ine kuchitseko.

"Ine ndiyenera kuona pansi. Iwe yang'ana dzanja langa basi. Usayang'ane anthu, usayang'ane mitambo."

Katapila womira amadzidzutsa ndi mkono wake womwe. Ndinazungulitsa mkono kupita mbali yomira ija. Amuna anagoneka zipika ziwiri pamatope kuti baketi ipeze poponda, poti ikanaponda pamatope penipeni ikanangolowa. Ndinakhazika msana wa baketi pamenepo n'kukankhira pansi pang'onopang'ono. Injini inabuula, matope analira ngati ng'ombe ikuzula phazi, tcheni linayamba kutukuka. A Jere anakunga chibakera, kutanthauza kuti ndiime pomwepo. Amuna anayamba kukankhira zipika pansi pa tcheni ndi mitengo yaitali, a Jere akukalipira aliyense wofuna kulowetsa mkono. Chitsulo chonsecho chinali m'malere pafupi ndi miyendo ya anthu, ndipo wochigwira ndinali ine. Dzanja la a Jere litaloza pansi ndinatsitsa, tcheni linakhala pamtengo. Tinachita chimodzimodzi mbali inayo.

Zipika zotsala anaziyala kutsogolo mopingasa, monga momwe apongozi a a NyaShaba anaziyalira kale. Ndinatambasula mkono, ndinaluma pansi ndi mano a baketi, n'kumakoka uku matcheni akuyenda pang'ono kwambiri. Pamatope sumathamangitsa matcheni, ukatero ukudzikumbira manda. Tinasuntha. Tinkayenda pang'ono, kuima, kukonza chipika chopotoka, kuyendanso. Mvula inayamba kuwaza pagalasi. Ndinamva anthu akufuula zosiyanasiyana, koma ine maso anali padzanja lija.

Titatsala pang'ono kufika pachulu, zipika zinatha. Za kumbuyo zinali zitakanikizidwa mozama, ndipo kuzizula kukanadya nthawi yomwe tinalibe. Pakati pa matcheni ndi dothi louma panatsala kampata koti munthu n'kudumpha, koma ndi pomwe panali phala lenileni. A Jere anabaya ndi chitsulo chawo, chinalowa chonse. Ine ndinagwira zogwirira zija mwamphamvu kuti anthu asaone kuti ndatha.

Kenako tinamva chikwapu. A NyaShaba, amene palibe anawaona akuchoka, ankatsika ndi ng'ombe zawo zikukoka chipika chonyezimira chija. Anamasula tcheni okha, analoza kampata kaja ndi chikwapu, amuna n'kuchigubuduzira pamenepo. Chinali chachitali, chinakwana matcheni onse awiri. Ndiye anandiyang'ana ine pagalasi.

"Woloka, mwana wane."

Ndinaluma chulu ndi baketi, ndinakoka. Chipikacho chinalira, ndinachimva chikutitimira pansi pathu, koma chisanamire matcheni anali atagwira dothi lofiira. Tinakwera. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ndinazimitsa injini, ndipo ndinalira pampando pomwepo kwinaku ndikuseka. Bambo uja wa makina akana mwanakazi ndinamuona akuthandiza kukulunga tcheni, maso ali pansi.

Abwana anafika mvula ikugwa ndithu. Anazungulira makina, anayang'ana chidzenje chomwe madzi anali atachidzaza kale, anayang'ana ine.

"Wawatulutsa ndani?"

A Jere, amene ndinali ndisanawamvepo akudzitsitsa, anayankha kuti, "Wolowetsa ndine, bwana. Wotulutsa ndi uyu."

Abwana anangoti, "Mutsuke matcheni matope asanaume," n'kukwera galimoto yawo. Koma amene anabwera ndi dizilo ulendo wotsatira anabweranso ndi ovolosi yatsopano, ya msinkhu wanga. Nditapita kunyumba ndinapeza amayi ataviika chimanga m'beseni lija.

Kutachita ng'amba tinamaliza khoma la damu titaima pouma, ndipo zipika tinazizula n'kubwezera eni ake, kupatula kalipentala amene anatithawa. Cha a NyaShaba chokha sichinapezeke. Ndinachifufuza ndi baketi mpaka a Jere anandiletsa, akuti ndiwononga phazi la khoma. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinapita ndekha kukapepesa. Ndinawapeza pansi pa mango paja atakhala pakampando kathabwa, m'dothi mukuonekabe pomwe chipika chinagona. Ndinagwada, ndinalonjera, ndinafunsa za ng'ombe, ndiye ndinanena.

"Chileke," anatero. "Ntchito yake ni yeneyiyo. Chinawolotsa mtsikana mmodzi wakutali, mbwenu chawolotsa wachiwiri. Ndipo iwe mphika wako sunasweke."

Lero ndimayendetsa katapila ndekha, ndipo wondipopera girizi ndi mtsikana. A Jere anapuma, akuweta ng'ombe zenizeni ku Edingeni, ndipo nkhaniyi akamaifotokoza nkhuku sazitchula. Chitsulo chawo chobayira pansi anandisiyira. Ndimachigwiritsa ntchito, koma chitsulo chimangokuuza kuti apa n'polimba, sichikuuza chimene chalimbitsa. Ndiye ndikafika malo atsopano, ndisanalize injini, ndimafunsa achikulire a pamudzipo kuti kale ankadutsa pati, ng'ombe ankamwetsa pati, chitsime chakale chinali kuti. Amayankha ndi nkhani zazitali za maukwati ndi za apongozi. Ndimamvetsera mpaka kumapeto, ndimaseka pomwe pali poseketsa, kenako ndimatenga chikhomo ndi nsanza yofiira n'kukakhoma pomwe andilozera. M'manja ndimaomba ndikabwerako.